Chimbale cha rock pa filimu yoopsa: kodi tanthauzo lobisika limachokera kuti?

Pakati pa anthu okonda nyimbo za rock ndi mafilimu pali chizolowezi china chimene munthu akachimva koyamba amachiyesa masewera, koma chimene chakhala chikukopa ngakhale anthu ozindikira kwa zaka pafupifupi 30. Munthu amasankha filimu, nthawi zina yoopsa, n'kutsitsiratu mawu ake kuti pangotsala zithunzi zokha. Kenaka amatenga chimbale cha gulu lina loimba n'kuchiyambitsa pa sekondi yosankhidwa mosamala, monga pamene chizindikiro cha kampani yopanga filimuyo chikuzimiririka. Akatero amakhala pansi n'kumadikira. Posakhalitsa zinthu zimayamba kugwirizana modabwitsa: ng'oma imagunda pa nthawi imene chitseko chikumenyetseka, kulira kwa gitala kumakwera pamene mkazi akuyasamula kukamwa kuti akuwe, ndipo woimba amatchula za mdima pamene nyali ikuzima. Ambiri amene ayesapo amadzuka ali otsimikiza kuti zoterezi sizingachitike zokha, ndi kuti oimbawo anabisa uthenga umene umamveka pokhapokha ntchito ziwirizo zikaikidwa pamodzi.

Zimene anthuwa amaona n'zoona, ndipo si bwino kuwanena kuti akunama kapena akulota. Kugwirizanako kumachitikadi, ndipo nthawi zina kumachititsa nthumanzi. Vuto lili pa funso lachiwiri, lakuti anaikapo tanthauzolo ndani. Umboni umene ulipo umasonyeza kuti tanthauzolo silikhala litakwiriridwa m'chimbale kapena m'filimu kudikira wolifukula, koma limapangidwa pomwepo ndi maso, makutu ndi ubongo wa amene akuonera.

Mchitidwewu unatchuka chifukwa cha filimu imene si yoopsa n'komwe. Mu Ogasiti 1995, mtolankhani wachinyamata Charles Savage analemba m'nyuzipepala ya Journal Gazette ya mumzinda wa Fort Wayne ku America za anthu amene ankaseweretsa chimbale cha gulu la Pink Floyd cha mu 1973, The Dark Side of the Moon, pamodzi ndi filimu ya mu 1939, The Wizard of Oz. Langizo lake linali lakuti chimbalecho chiyambe pamene mkango wa pa chizindikiro cha kampani ya MGM ukubangula kumayambiriro kwa filimuyo, ndipo ambiri amati pa kubangula kwachitatu. Amene amatsata langizoli amaona kuti nyimbo ya mkazi wolira mopanda mawu imafika pamene kamvuluvulu akunyamula nyumba, kuti phokoso la makina owerengera ndalama limayamba chapafupi ndi pamene filimu ikusintha kukhala ya mitundu yowala, ndiponso kuti chimbalecho chimatha ndi kugunda kwa mtima pamene mtsikana akumvetsera pachifuwa cha munthu wachitsulo amene alibe mtima. Mu 1997 mawailesi a ku America anaifalitsa nkhaniyi, ndipo mu 2000 kanema wa Turner Classic Movies anaonetsa filimuyo ili ndi nyimbo za chimbalecho.

Oimbawo anakana kuti anachita dala. Woimba ng'oma wawo, Nick Mason, anangoseka nkhaniyo, ndipo Alan Parsons, amene anajambula chimbalecho mu situdiyo ya Abbey Road ku London, anafotokoza kuti pa nthawiyo munalibe chida choonetsera filimu m'chipinda chojambuliramo. Palinso mfundo ina yolemera kuposa kukana kwawo, chifukwa kukana kokha wokhulupirira akhoza kukutenga ngati mbali ya chinsinsicho. Gululi linayamba kuimba nyimbozi pamaso pa anthu mu Januwale 1972, miyezi ingapo lisanalowe nazo mu situdiyo, ndipo kutalika kwa nyimbo iliyonse kunkasintha pa chionetsero chilichonse. Mbali ya mkazi wolira ija inaimbidwa ndi Clare Torry mu Januwale 1973, pa ulendo umodzi, akungopeka pomwepo. Komanso Pink Floyd inkadziwa bwino kulemba nyimbo za filimu, ndipo ikachita zimenezo inkachita poyera, monga pa mafilimu awiri a Barbet Schroeder a mu 1969 ndi 1972. Gulu lotere likanafuna kutsata filimu ina sekondi ndi sekondi kwa mphindi 43, pakanatsala zolembedwa ndiponso mboni.

N'zothandiza kuona kuti nkhaniyi inabuka cha m'ma 1990, osati mu 1973. Chimbale cha pulasitiki chakale chinali ndi mbali ziwiri, moti munthu ankayenera kudzuka kukachitembenuza pakati, zimene zikanasokoneza kugwirizana kulikonse. Filimunso sinali chinthu chimene munthu akanatha kuchiyambitsa pa nthawi yofuna iye, chifukwa ankaionera m'nyumba ya kanema kapena pa wailesi yakanema pa ola loikidwa ndi ena. Kufika kwa matepi a VHS ndi ma CD m'nyumba za anthu ndiko kunachititsa kuti munthu mmodzi agwire rimoti m'dzanja lina, batani la wailesi m'dzanja lina, n'kuyesa kambirimbiri mpaka atapeza poyambira pomukomera. Chinsinsi chimene chikanatheka kuululika ndi zida zokha zimene zinadzafala patapita zaka zoposa khumi chimafuna chikhulupiriro chachikulu ndithu.

Nanga n'chifukwa chiyani mafilimu oopsa amayenerera bwino mchitidwewu? Chifukwa choyamba n'chakuti nyimbo za rock yolemera ndi mafilimu oopsa ndi pachibale kuchokera kale. Gulu la Black Sabbath la ku Birmingham linatenga dzina lake ku filimu yoopsa ya mu 1963 ya Mario Bava, ndipo mamembala ake akhala akufotokoza kuti anadabwa kuona anthu akulipira ndalama kuti akaopsezedwe m'nyumba ya kanema, n'kuganiza zopanga nyimbo zochita chimodzimodzi. Chimbale chawo choyamba, chimene chinatuluka pa 13 Febuluwale 1970, chimatsegula ndi mvula, bingu ndi belu, kenaka manoti awiri otalikirana mosakhazika mtima pansi amene oimba amawatcha tritone, omwe olemba nyimbo za mafilimu amawagwiritsanso ntchito posonyeza choipa. Ku Italy, gulu la Goblin linapanga nyimbo za mafilimu a Dario Argento a mu 1975 ndi 1977. Choncho munthu akaika chimbale cha mtundu umenewu pa filimu yoopsa, sakulumikiza alendo awiri, koma akukumanitsa ana a bere limodzi amene anakulira m'nyumba zosiyana.

Chibalecho chimafika mpaka pa mawu. Nyimbo zambiri za rock zimakamba za mantha, imfa, misala, usiku, kuthawa, maso, magazi, moto ndi kusungulumwa, ndipo zimatero ndi mawu otakata amene satchula munthu kapena malo. Filimu yoopsa nayo imadzaza ndi zinthu zomwezo: munthu akuthamanga, diso likusuzumira, chitseko chikutseguka chokha, wina ali yekha m'nyumba yaikulu. Ngati woimba atchula kuthawa kasanu ndi kamodzi m'chimbale chonse, ndipo m'filimu anthu amathawa kwa mphindi khumi pa ola lililonse, chodabwitsa chikanakhala chakuti ziwirizi zisakumane n'kamodzi komwe. Ndiponso mawu a nyimbo akagwera pankhope ya munthu wosalankhula, woonera amawamva ngati maganizo a m'kati mwa munthuyo, ngakhale kuti woimbayo ankanena za chibwenzi chake chimene chinatha.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti mantha a m'filimu amakhala kwambiri m'makutu kusiyana ndi m'maso. Pa filimu ya Psycho ya mu 1960, wotsogolera wake Alfred Hitchcock ankafuna kuti mbali yotchuka ya kuphedwa kwa mkazi m'bafa ikhale yopanda nyimbo, koma wolemba nyimbo Bernard Herrmann analemba kulira kwakuthwa kwa mavayolini, ndipo Hitchcock atamva anasintha maganizo. Amene anaonerapo filimu yoopsa mawu atatsitsidwa amadziwa kuti zambiri zimasanduka zosekesa kapena zotopetsa: munthu akungoyenda m'khonde pang'onopang'ono, akutembenuka, akuyang'ana padenga. Zithunzi zoterezi zili ngati chotengera chopanda kanthu. Zinapangidwa dala kuti zidikire phokoso loti liziuze tanthauzo, ndipo zimalandira phokoso lililonse limene lapatsidwa. Filimu ya nthabwala kapena ya milandu ya kukhoti imadalira zokambirana, moti mawu akachotsedwa imagwa, pamene filimu yoopsa imakhala ndi mphindi zambiri zimene palibe akulankhula.

Tsopano tifike pa masamu, amene ndi osavuta koma ambiri sawachita. Tiyerekeze kuti chimbale n'chotalika mphindi 43, amene ndi masekondi 2,580, ndipo filimu imasintha chithunzi pa masekondi 6 alionse. Ndiye kuti pa nthawi imene chimbalecho chikulira, chithunzi chidzasintha maulendo 430. Tiyerekezenso kuti nyimbo zikugunda maulendo 120 pa mphindi, liwiro lofala mu rock, kutanthauza kuti pali kugunda kumodzi pa theka la sekondi lililonse. Diso ndi khutu siziyeza nthawi ngati makina, choncho tinene kuti woonera amavomereza kuti ziwiri zachitikira pamodzi ngati zasiyana ndi gawo limodzi la magawo khumi a sekondi, kutsogolo kapena kumbuyo. Pa theka la sekondi lililonse, mpata wovomerezekawo ndi magawo awiri mwa asanu. Zikatero, mwa kusintha kwa zithunzi 430 kuja, pafupifupi 170 kudzagwera pa kugunda kwa ng'oma popanda aliyense kukonza kanthu.

Ndipo pamenepo tawerenga kusintha kwa zithunzi kokha. Sitinawerenge kuponda kwa phazi, kuphethira kwa diso, kutembenuka kwa mutu, kugwa kwa mpeni kapena kung'anima kwa mphezi, ndipo kumbali ya nyimbo sitinawerenge kulowa kwa woimba, kusintha kwa makodi, kuyamba ndi kutha kwa nyimbo iliyonse. Zonsezi zikaphatikizidwa, mipata yoti china chikumane ndi chinzake imafika masauzande. Palinso ufulu umene woonera amadzipatsa mosazindikira. Nyimbo yachisoni ikagwera pa chithunzi chachisoni, amati zagwirizana. Nyimbo yosangalatsa ikagwera pa chithunzi cha mtembo, amati ndi chipongwe chadala chimene chikuzamitsa tanthauzo. Woimba akatchula chitseko masekondi anayi chisanatseguke, amati ndi ulosi, ndipo akachitchula chitatseguka kale, amati ndi ndemanga. Muyeso umene umavomereza yankho lililonse sungatiuze kanthu za cholinga cha wolemba.

Masamu okha sangafotokoze chifukwa chimene kugwirizanako kumamvekera kwamphamvu chonchi m'thupi. Apa m'pofunika kumvetsa mmene ubongo umagwirira ntchito. Katswiri wa za phokoso la m'mafilimu wa ku France, Michel Chion, m'buku lake la mu 1990, anapeka mawu akuti synchrèse ponena za kumatirirana kumene kumachitika kokha, mosaletseka, pakati pa phokoso ndi chithunzi zikachitika pa nthawi imodzi. Luso lonse loika mawu m'filimu limadalira zimenezi. Phokoso la fupa lothyoka m'filimu yoopsa kawirikawiri limakhala la ndiwo zamasamba zolimba zimene wina akuthyola pafupi ndi maikolofoni, koma chifukwa lafika pamodzi ndi chithunzi cha mkono, palibe amene amamva masamba. Ofufuza Harry McGurk ndi John MacDonald anasonyeza mu 1976 kuti munthu akaona milomo ikutchula liwu lina pamene khutu likumva lina, ubongo umatha kupanga liwu lachitatu limene palibe analitchula. Kumatiriraku kumachitika munthu asanayambe kuganiza, n'chifukwa chake kudziwa kuti ndi mwangozi sikuchotsa nthumanzi.

Ubongo sumangomata phokoso ndi chithunzi, umapekanso nkhani. Mu 1944 Fritz Heider ndi Marianne Simmel anaonetsa anthu kafilimu ka timakona atatu tiwiri ndi kozungulira kamodzi tikuyendayenda pafupi ndi bokosi, ndipo pafupifupi onse anafotokoza za ndewu, nsanje ndi kuthawitsana. Mu 1988 Sandra Marshall ndi Annabel Cohen anatenganso kafilimu komweko n'kuikapo nyimbo zosiyana, ndipo anapeza kuti nyimbo inkasintha mmene oonera ankaweruzira khalidwe la tizithunzito. Ngati kachidutswa ka makona atatu kangaoneke kaukali chifukwa cha nyimbo, nkhope ya munthu wogwidwa ndi chiwanda ingalandire matanthauzo angati? Dokotala wa matenda a maganizo wa ku Germany, Klaus Conrad, mu 1958 anatcha chizolowezi choona kulumikizana pamene palibe kuti apophenia. Iye ankanena za odwala, koma mawuwa masiku ano amagwiritsidwa ntchito pa chibadwa cha munthu aliyense, chomwe chimatichititsa kuona nkhope m'mitambo.

Chotsalira ndi kukumbukira, komwe kumakondera. Pa mphindi 43 zija pamakhala nthawi yaitali imene palibe chikugwirizana, koma nthawi imeneyo siisiya chipsera m'maganizo. Munthu amakumbukira maulendo khumi amene tsitsi linamuimirira n'kuiwala mazana amene nyimbo inkapita kwake, filimu kwake. Akamafotokozera mnzake amatchula khumi aja okha, ndipo mnzakeyo amakaonera atadziwa kale poyang'ana. Mphamvu ya kuuzidwiratu inayesedwa bwino pa nkhani ina yapachibale, ya mauthenga amene ankati amamveka nyimbo ikaseweredwa chobwerera m'mbuyo. Mu 1985 John Vokey ndi Don Read a pa yunivesite ya Lethbridge ku Canada anajambula ndime zingapo, kuphatikizapo Salimo 23, n'kuziseweretsa chobwerera. Omvera sankamva mawu alionse mpaka atauzidwa zoti amve, ndipo akangouzidwa ambiri ankazimvadi.

Nkhani ya mauthenga obisikayi inafika ngakhale kukhoti. Mu 1990, mumzinda wa Reno ku Nevada, gulu la Judas Priest linazengedwa mlandu woti mawu obisika m'chimbale chake cha mu 1978 anachititsa anyamata awiri kudziwombera. Woweruza anapeza kuti phokoso limene ankalinenalo linangopangika mwangozi chifukwa cha kusakanikirana kwa mamvekedwe, ndipo gululo silinapezeke lolakwa. Chochititsa chidwi n'chakuti mauthenga oikidwa dala alipodi, ndipo maonekedwe awo ndi osiyana kotheratu. Pa chimbale cha The Wall cha mu 1979, Pink Floyd yomweyo inaika mawu ojambulidwa chobwerera, ndipo munthu akawatembenuza amamva chiganizo chomveka bwino, choyamikira mwanthabwala amene wapeza uthenga wachinsinsiwo. Safunika kuuzidwiratu, kapena kutsinzina n'kumvetsera kakhumi. Chinthu chobisidwa dala chikapezeka chimaonekeratu, pamene chopangidwa ndi ubongo chimafuna wotsogolera woti aloze ndi chala.

Palinso vuto la zida limene okhulupirira salilabadira. Filimu za mawu zimajambulidwa pa liwiro la zithunzi 24 pa sekondi, koma pa matepi ndi ma DVD a dongosolo la PAL, limene linkagwiritsidwa ntchito ku Ulaya ndi mayiko ena ambiri, zinkathamangitsidwa pa zithunzi 25 pa sekondi. Kusiyana kwake ndi pafupifupi 4 peresenti, kumene kumaoneka kochepa, koma pakutha pa mphindi 43 filimu imakhala itatsogola ndi mphindi yoposa imodzi ndi theka. Tanthauzo lake n'lakuti munthu wa ku London ndi wa ku Chicago, atayambitsa chimbale chimodzi pa chizindikiro chimodzi, ankaona zithunzi zosiyana pa nyimbo iliyonse kuyambira chapakati. Kuwonjezera apo, mafilimu oopsa ambiri ali ndi mitundu ingapo, wina wodulidwa ndi oyang'anira zoonetsedwa, wina wowonjezeredwa ndi wotsogolera, ndipo zimbale nazo zikatulutsidwanso mipata ya pakati pa nyimbo imatha kusintha. Ngati onse amapezabe zodabwitsa ngakhale kuti akuonera zinthu zosiyana, ndiye kuti chodabwitsacho sichili pa sekondi inayake.

Filimu ya The Shining ya mu 1980 ndiyo yakopa kwambiri ofufuza zobisika, ndipo pali chifukwa. Wotsogolera wake, Stanley Kubrick, ankadziwika kuti ndi wosamala pa kanthu kalikonse, choncho anthu amaganiza kuti ngakhale mpando umene wasuntha pakati pa zithunzi ziwiri uli ndi cholinga. Filimu yofotokoza zenizeni ya Rodney Ascher ya mu 2012, Room 237, inasonkhanitsa ena mwa maganizowa: wina amati filimuyo imanena za kuphedwa kwa eni nthaka a ku America, wina amati ndi za kupululidwa kwa Ayuda, ndipo wina amati Kubrick ankaulula kuti anajambula mwachinyengo ulendo wa kumwezi. Ena anaionetsa kawiri pa chinsalu chimodzi, ina ikupita kutsogolo ina ikubwerera, n'kupeza kuti nkhope zikugwerana mochititsa mantha. Leon Vitali, amene anali wothandizira wa Kubrick pa filimuyo, anati zambiri mwa izi n'zopanda pake. Koma mbali imodzi ya mbiri ya filimuyi imathandiza nkhani yathu kuposa maganizo onsewo. Nyimbo zake zambiri, za Krzysztof Penderecki, György Ligeti ndi Béla Bartók, zinalembedwa kale kwambiri filimuyo isanaganiziridwe, ndipo mkonzi Gordon Stainforth ndiye anazidula n'kuziyala pa zithunzi. Amene amaonera amalumbira kuti zinalembedwera filimuyo.

Apa m'pamene mchitidwe wooneka wachibwanawu umakumana ndi ntchito yeniyeni ya akatswiri. Akonzi a mafilimu amachita zomwezi tsiku ndi tsiku: asanalandire nyimbo zenizeni, amatenga nyimbo zakale n'kuziika pa zithunzi mongoyembekezera, ndipo kawirikawiri zimakwana bwino moti wotsogolera amakana kuzichotsa. Kubrick yemweyo anataya nyimbo zimene Alex North analembera filimu yake ya mu 1968 n'kusunga zongoyembekezera zija. Kayimbidwe ka piyano kamene dziko lonse limakadziwa ngati ka The Exorcist ya mu 1973 kanachokera pa chimbale choyamba cha Mike Oldfield, amene anachijambula ali ndi zaka 19 asakudziwa za filimuyo, ndipo wotsogolera filimuyo, William Friedkin, anangochipeza pofufuza nyimbo. Jean Cocteau wa ku France anafika pochita zimenezi ngati mfundo ya luso lake. Pa filimu yake ya mu 1930 anasinthanitsa dala zigawo za nyimbo zimene Georges Auric analemba, ndipo mu 1946 ovina a gule wake wina anaphunzira masitepe awo pa nyimbo za jazi, kenaka pa chionetsero anavina pa nyimbo ya Bach. Iye ankakutcha kugwirizana kwangozi, ndipo ankakuona kukhala kwamoyo kuposa kokonzedwa.

Chitsanzo chabwino kwambiri cha filimu yoopsa ndi Nosferatu, ya mzukwa wopopa magazi, imene F. W. Murnau anapanga ku Germany ndipo inaonetsedwa koyamba ku Berlin mu Marichi 1922. Popeza inatengera buku la Bram Stoker lotchedwa Dracula popanda chilolezo, mkazi wamasiye wa wolembayo, Florence, anasuma, ndipo mu 1925 khoti linalamula kuti makope onse awonongedwe. Ena anapulumuka, koma mbali yaikulu ya nyimbo zimene Hans Erdmann analembera filimuyo inatayika. Chiyambire pamenepo m'badwo uliwonse wakhala ukuiveka nyimbo zake. Mu 1998 inatuluka pa tepi ili ndi nyimbo za gulu la Type O Negative, ndipo mu 2024 Josh Frank, pa ntchito yake yotchedwa Silents Synced, anaionetsa m'nyumba za kanema ili ndi zimbale ziwiri za Radiohead za mu 2000 ndi 2001. Palibe amene anganene kuti Murnau, yemwe anamwalira mu 1931, ankayembekezera oimba amene anali asanabadwe. Ndiponso mafilimu opanda mawu analibe liwiro limodzi lokhazikika, moti makope a Nosferatu amasiyana kutalika ndi mphindi zambiri. Ngakhale zili choncho, chithunzithunzi cha mzukwa uja chikamakwera masitepe pamene mawu a woimba akunjenjemera, holo yonse imakhala chete.

Amene akufuna kudziwa ngati chimbale china chinapangidwiradi filimu ina ali ndi njira yoyesera, ngakhale kuti ndi ochepa amene amalimba mtima kuitsata. Ayenera kulemba asanaonere zimene adzaziwerenge ngati kugwirizana, ndi mpata wa nthawi umene adzaulole, kuti muyeso usamasinthe filimu ili m'kati. Ayenera kuwerenga zolephera pamodzi ndi zopambana. Kenaka ayambitse chimbale chomwecho masekondi 20 mochedwa, kenaka mphindi ziwiri mochedwa, kenaka aikepo chimbale china cha mtundu wofanana, n'kuonetsa zonsezi kwa anthu amene sakudziwa kuti choyenera ndi chiti. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati poyambira potchuka paja pali ndi chinsinsi, oonera osauzidwa ayenera kupasankha mobwerezabwereza, ndipo chiwerengero chake chiyenera kuposa zinazo moonekeratu. Kumbukiraninso kuti poyambira potchukapo kawirikawiri panasankhidwa pambuyo poyesa malo ambiri, choncho kukhala kwake pabwino pang'ono kuposa ena ndi umboni wa khama la wosankha, osati wa cholinga cha oimba.

Ineyo ndimaona kuti kutaya chikhulupiriro cha uthenga wobisika sikuchepetsa phindu la mchitidwewu. Filimu yoopsa ikavulidwa mawu ake n'kuvekedwa chimbale chachilendo, woonera amayamba kuona zimene kale phokoso linkamubisira: kutalika kwa nthawi imene kamera imakhala pankhope imodzi, mmene mkonzi amachedwetsera kudula kuti mtima ukhale m'mwamba, kuchuluka kwa mantha amene ankachokera ku vayolini osati ku chilombo. Chimbale nachonso chimamveka mwatsopano, chifukwa mzere umene munthu waumva kwa zaka osaulabadira umapeza nkhope yoti uunyamule. Nthawi zina nyimbo yofatsa imene ikupitirira mosasamala pamene munthu akuphedwa imaopsa kuposa nyimbo yeniyeni ya filimuyo, zimene Chion anazifotokoza ponena za phokoso losamva chisoni, monga madzi a m'bafa amene amapitirizabe kutsika mkazi wa mu Psycho uja atagwa kale. Munthu amene waona zimenezi angathe kunena moona kuti nyimbo iyi, pa chithunzi ichi, yamuonetsa kuti chilombocho n'chosungulumwa osati cholusa chabe. Mnzake amene anachedwa kudina batani ndi masekondi asanu adzapeza mzere womwewo utagwera pankhope ya wophedwayo, ndipo kwa iye nyimboyo idzakhala ikunena za munthu winayo.